Phapo likaphwa mwa munthu wodwala Edzi: chifukwa chake madokotala sathamangira mpeni

Pali kubanika kumene kumabwera pang'onopang'ono, munthu n'kumati mwina ndi chimfine cha m'mwezi wa Juni, ndipo pali kwina kumene kumabwera kamodzin'kamodzi. Munthu wakhala akutsokomola kwa milungu ingapo, thupi layamba kutsika, komabe akuyenda, akupita kudimba. Tsiku lina wangotsokomola mwamphamvu, kapena wawerama kuti anyamule mtolo wa fodya, basi wamva kulasa mbali imodzi ya chifuwa, ululu wokwera mpaka paphewa. Kuyambira pamenepo mpweya sukukwananso. Akafuna kulankhula akudukiza mawu, kugona chagada sakutha, thukuta lili kamukamu. Akafika naye pachipatala, adokotala amaika chomvera pachifuwa: mbali imodzi mpweya ukumveka kulowa ndi kutuluka, mbali inayo kuli zii. Akamujambula X-ray, pamene pamayenera kuoneka phapo pali mdima wokhawokha, phapolo litakhwinyata n'kukaunjikana pakati, pafupi ndi mtima. Achipatala amati pneumothorax. Phapo laphwa.

Vutoli limagwera aliyense: wogundidwa ndi galimoto pamsewu wa M1, wobayidwa ndi mpeni, ngakhale mnyamata wamtali woonda wosuta fodya amene sanagonepo m'chipatala. Koma mwa munthu amene kachirombo ka HIV kafika pomudwalitsa Edzi limabwera ndi khalidwe lina. Limachedwa kupola, limakonda kubwereranso, nthawi zina limagwira mapapo onse awiri, ndipo limawasautsa madokotala ndi funso lakuti adikire kapena ang'ambe. Achibale ena amaganiza kuti opaleshoni ndiye chithandizo chenicheni, zinazo n'zongotayitsa nthawi. Ena amaona ngati kuboola chifuwa cha munthu wofooka kale n'kungomumaliza. Maganizo onse awiriwa amaphonya, ndipo onse amapweteketsa odwala.

Tiyambe ndi m'mene timapumira. Mapapo alibe mphamvu yodzikoka okha. Amafutukuka chifukwa nthiti zikukwera ndipo mnofu waukulu umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba ukutsika. Phapo lililonse lakutidwa ndi kachikopa kopyapyala, mkati mwa nthiti mwayalidwanso kena, ndipo tiwiriti timamatirana ndi timadzi tochepa zedi, pakati pake popanda mpweya. Kumatirana kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti nthiti zikakwera phapo litsatire. Phapo likabooka, mpweya umene munthu akupuma umadutsa pabowolo n'kudzaza mpata wa pakati pa tizikopa tija. Kumatirana kwatha, phapo lakhwinyata.

Choopsa kwambiri ndi pamene bowolo likulola mpweya kulowa m'mpatamo koma osatuluka. Kupuma kulikonse kumawonjezera mpweya, mpweyawo umakankha mtima ndi mitsempha ikuluikulu kupita mbali ina, magazi amalephera kubwerera kumtima, ndipo munthu akhoza kumwalira m'mphindi zochepa. Apa sadikira X-ray. Wachipatala amatenga singano yaikulu n'kubaya pakati pa nthiti kuti mpweya utuluke, zina zonse pambuyo.

Chimene chimaboola phapo

M'maiko a ku Ulaya ndi ku America, nkhani ya phapo lophwa mwa odwala Edzi inamangirirana ndi chibayo chotchedwa PCP, chimene chimayamba ndi kachirombo ka m'gulu la fangasi, Pneumocystis jirovecii. Chibayo chimenechi ndi chimene chinaulula Edzi kudziko lonse: mu Juni 1981 madokotala a ku Los Angeles analengeza za amuna asanu achinyamata amene anachidwala popanda chifukwa chodziwika. Kachiromboka anthu ambiri timakumana nako tili ana ndipo sikatichita kanthu. Kamalusa asilikali a m'thupi otchedwa CD4 akatsika kufika pansi pa 200. Kakakhazikika kamadya mnofu wa phapo n'kusiya timatumba ta mpweya ta makoma opyapyala, makamaka kumtunda kwa mapapo, chakufupi ndi mapewa. Kathumba kamodzi ka m'mphepete kakaphulika, phapo laphwa. Vuto ndi lakuti timatumbato sitikhala kamodzi, ndipo sitikhala mbali imodzi.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 panali mankhwala opewera PCP otchedwa pentamidine, amene odwala ankawapuma ngati nthunzi. Ankathandiza, koma nthunziyo sinkafika bwino kumtunda kwa mapapo, choncho matenda ankabisala kumeneko n'kumadya mwakachetechete. Madokotala anayamba kuona mapapo ophwa ambiri mwa anthu omwewo amene ankawateteza. Zambiri zimene zimadziwika lero za opaleshoni ya vutoli zinaphunziridwa m'zaka zimenezo, mankhwala amphamvu ophatikiza a ma ARV asanabwere mu 1996.

Kuno kwathu woyamba kumuganizira ndi TB. PCP ilipo, makamaka mwa makanda obadwa ndi kachirombo ndi mwa akuluakulu amene chitetezo chatsikiratu, ndipo kuitsimikiza pachipatala chaching'ono n'kovuta, kotero nthawi zambiri amaizindikira ndi zizindikiro: chifuwa chouma, kubanika kokulirakulira kwa milungu, mpweya wa m'magazi wotsika munthu akangoyenda pang'ono. Koma chifuwa chachikulu ndiye chofala. TB imakumba mphako m'phapo, ndipo mphakoyo ikabookera kunja sikutuluka mpweya wokha ayi. Mumatulukanso mafinya ndi tizirombo, mpata uja n'kusanduka chithupsa chachikulu. Chibayo cha mabakiteriya ena ndi khansa ya Kaposi zikhozanso kuboola phapo, ndipo fodya ndi chamba zimafooketsa makoma ake. N'chifukwa chake wodwala wotere amamuyeza makhololo pa makina a GeneXpert, amamuyeza mkodzo pofufuza TB ngati chitetezo chatsika kwambiri, ndipo amawerenga CD4. Popanda kudziwa chimene chaboola, zonse zotsatira n'kungophimba.

Paipi ndi botolo

Mwa munthu wa mapapo abwino, mpweya wochepa ukhoza kusiyidwa kuti thupi liumwe lokha, ngakhale limamwa pang'onopang'ono, pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse patsiku, ndipo okosijeni amafulumizitsako. Ena amangowapopa mpweyawo ndi jakisoni. Mwa wodwala Edzi njira zofewazi kawirikawiri sizikwanira, ndipo madokotala ambiri amapita molunjika ku paipi ya m'chifuwa. Imeneyi si ntchito yodikira ku Lilongwe. Ndi ntchito ya pachipatala cha boma, ndipo m'maboma mwathu amene amaigwira kwambiri ndi ma clinical officer.

Imayenda chonchi. Wodwala amakhala chotsamira, mkono wa mbali yodwalayo atauika kumutu. Wachipatala amapapasa nthiti kunsi kwa khwapa, molingana ndi nsonga ya bere la mwamuna, n'kupaka mankhwala otsuka. Amabaya jakisoni wa dzanzi pakhungu mpaka mkati, chifukwa kachikopa ka mkati mwa nthiti kamamva ululu kwambiri. Akatero amacheka pang'ono, masentimita awiri kapena atatu, n'kumatsegula mnofu ndi kachitsulo kopanda nsonga, akutsata pamwamba pa nthiti, poti kunsi kwa nthiti iliyonse kumadutsa mtsempha wa magazi. Kachitsuloko kakangobooleza, mpweya umamveka kuti fwii, ndipo kawirikawiri nkhope ya wodwala imasintha pomwepo. Amalowetsa chala kuti atsimikize kuti ali pamalo oyenera, kenako paipi, n'kuisokerera pakhungu. Mbali inayo ya paipi imakathera m'botolo la madzi oyera limene lili pansi, nsonga yake itamira masentimita awiri.

Nzeru ya botoloyi ndi yakale. Dokotala wa ku Hamburg, Gotthard Bülau, anaigwiritsa ntchito mu 1875 pochotsa mafinya m'chifuwa. Wodwala akatulutsa mpweya kapena akatsokomola, mpweya wa m'mpata uja umatsika ndi paipi n'kutuluka m'madzi ngati thovu. Akakoka mpweya, madzi amatseka nsonga ya paipi, mpweya wa kunja sulowa. Sipafunika magetsi, ndipo m'dziko limene magetsi amazima pafupipafupi chimenechi si chaching'ono.

Apa ndi pamene gadiyani amakhala ndi udindo woposa kuphika phala ndi kuchapa zitenje. M'wodi mumamveka malangizo ofanana nthawi zonse. "Mayi, botolo ili lisachoke pansi. Bambowa akafuna kupita kuchimbudzi muwanyamulire, koma lisapitirire m'chiuno. Ndipo paipiyi musaipinde, musaimange, ngakhale madziwo aphokose bwanji." Ndiye mayiwo, maso ali pabotolo limene likuwira usiku wonse, amafunsa funso limene pafupifupi aliyense amafunsa: "Nanga anesi, si ndiye kuti mpweya wawo ukuthera m'menemu?" Ayi. Umene ukutuluka ndi mpweya wosochera, womwe ukanatsala mkati ukanafinya mtima. Botolo likakwera kuposa chifuwa, madzi akuda amabwerera mkati. Paipi ikapindidwa pamene thovu likutuluka, mpweya umadzadzanso ndipo ngozi ija ya mphindi zochepa imabwerera. Paipi ikazuka mwangozi, tsekani balalo ndi nsalu yoyera n'kuitana anesi nthawi yomweyo. Khungu la pachifuwa, pakhosi ngakhale kumaso likatupa n'kumathetheka mukalikhudza, ndiye kuti mpweya walowa pansi pa khungu. Zimaopsa kuziona, kawirikawiri zimatha zokha, koma auzeni achipatala chifukwa mwina paipi yatsekeka kapena yasuntha.

Palinso mantha a okosijeni. Alipo ambiri amene amakhulupirira kuti munthu akamuika timapaipi ta m'mphuno ndiye kuti wapita, mpaka ena amatichotsa anesi akatembenuka. Chimene amaona n'choona, kuti oikidwa pa okosijeni ena amamwalira, koma amamwalira chifukwa anafika atadwalitsa. Kwa munthu amene akupuma ndi phapo limodzi, lomwenso lili ndi chibayo, okosijeni ndi amene amamusunga pamene mankhwala akuyamba kugwira.

Mwa munthu amene analibe matenda ena, thovu limaleka pakatha masiku awiri kapena atatu. Likakhala tsiku lathunthu osatuluka, X-ray n'kuonetsa kuti phapo lafutukuka, paipi amaichotsa wodwala atagwira mpweya, n'kutseka bala. Malangizo a madokotala amati thovu likapitirira masiku atatu mpaka asanu, afunsidwe a opaleshoni. Mwa wodwala PCP kapena TB thovu likhoza kuwira milungu. Ndiye kuti bowo lakhala njira yokhazikika yochokera m'timipaipi ta mpweya ta m'phapo kupita m'mpata uja, ndipo mnofu wozungulira ndi wowola moti sukutha kudzitseka.

Wakabaza aliyense wa pa Kasungu boma akudziwa kuti chubu chatsopano chikalasidwa ndi minga, chigamba chimagwira ndipo ulendo umapitirira, koma chubu chakutha umamata pano n'kuphulika apo, ngakhale wokonzayo akhale katswiri wotani. Dokotala wa opaleshoni akayang'ana X-ray ya wodwala Edzi amadzifunsa zomwezo: kodi mnofu uwu ukhoza kugwira ulusi? N'chifukwa chake kudikira si ulesi. Masiku amene wodwala wagona ndi paipi ndi masiku amene mankhwala akupha chimene chikudya phapo. Wa PCP amamwa kapena kubayidwa Bactrim wochuluka kwa masiku 21, ndipo ngati mpweya wa m'magazi watsika kwambiri amawonjezera mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa prednisolone, amene amapulumutsa moyo ngakhale amachedwetsa kupola kwa mabala. Wa TB amayamba mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Amene sanayambe ma ARV amayambitsidwa kawirikawiri pasanathe milungu iwiri. Pali kamfundo kena kamene kamaiwalika: rifampicin wa m'mankhwala a TB amachepetsa mphamvu ya dolutegravir wa m'ma ARV amene ambiri akumwa kuyambira 2019, aja a 13A, choncho wodwala amapatsidwa piritsi lina la dolutegravir loti amwe patatha maola 12. Chakudya nachonso ndi mbali ya chithandizo. Thupi lopanda zomanga silitseka bowo, ndipo chiponde, mazira, usipa ndi phala la Likuni zimagwira ntchito imene mpeni sungagwire.

Kugona milungu ndi botolo kuli ndi mavuto ake: bala limatha kuola, tizirombo timakwera ndi paipi, munthu amafooka pabedi, banja limasiya munda. M'zaka za m'ma 1960 dokotala wa ku America, Henry Heimlich, anapanga kachipangizo kakang'ono kolowa m'malo mwa botolo, kamphira kamene kamatseguka mpweya ukamatuluka n'kutsekeka ukafuna kubwerera. Kanathandiza asilikali ovulala pa nkhondo ya ku Vietnam, ndipo m'zaka zoyambirira za Edzi kanalola odwala ambiri kupita kwawo ndi paipi m'malo mothera masiku awo m'wodi. Kumene kulibe, achipatala ena amapanga kofanana nako ndi chala cha gulovu chobooledwa kunsonga. Koma kameneka si ka munthu amene akutuluka mafinya ambiri, ndiponso si ka munthu wa kutali ngati ku Chulu kapena ku Chamama amene sangabwerere msanga zinthu zikasokonekera.

Kumata phapo kunthiti

Pakati pa paipi ndi mpeni pali njira imene amati pleurodesis. Cholinga chake si kutseka bowo mwachindunji koma kuchotseratu mpata umene mpweya umadzazamo. Kudzera mu paipi yomweyo amathira mankhwala amene amapsereza tizikopa tiwiri tija, tikamapola n'kumatirana mpaka kalekale. Amagwiritsa ntchito ufa wa talc wokonzedwa mwapadera, kapena doxycycline. Zimapweteka kwambiri, moti amayamba athira mankhwala a dzanzi, ndipo munthu amatha kutentha thupi tsiku limodzi kapena awiri. Njirayi ili ndi lamulo limodzi losaphwanyika: phapo liyenera kukhala litafutukuka n'kukhudza nthiti. Ngati likadali lokhwinyata palibe chomatira, ndipo n'chifukwa chake imalephera kawirikawiri mwa odwala amene bowo lawo ndi lalikulu.

Ina, yotsika mtengo ndipo yoyenera kudziwika kwambiri kuno, ndi yogwiritsa ntchito magazi a wodwala yemweyo. Amatenga mamililita 50 mpaka 100 pamkono n'kuwathira mu paipi nthawi yomweyo asanaundane, kenako paipiyo amaikoloweka pamwamba kuti mpweya uzituluka koma magazi atsale mkati. Magaziwo akaundana amatseka pabowo. Poti ndi magazi ake omwe, nkhani ya kachirombo siisokoneza. Siigwira nthawi zonse, ndipo siyenera ngati muli mafinya.

Zonsezi zikakanika, kapena phapo likaphwanso kachiwiri, kapena akaphwa onse awiri, mpeni umabwera. Njira zilipo ziwiri. Yakale ndi kung'amba pakati pa nthiti, bala lalitali lochokera kumsana kuzungulira m'nthiti, n'kuzitanula kuti dokotala aone ndi kugwira phapo ndi manja. Yatsopano, imene inafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndi VATS: mabowo ang'onoang'ono, limodzi la kamera, enawo a zida, dokotala akuyang'ana pa sikirini. Ululu umachepa ndipo munthu amadzuka msanga, zimene n'zofunika kwa wofooka kale. Koma zida zake, makamaka zodula ndi kusoka phapo nthawi imodzi, n'zokwera mtengo ndipo sizipezeka paliponse. Ntchito ya mkati ndi yofanana: kudula gawo la timatumba tophulika, kusoka, kenako kukhula kachikopa ka mkati mwa nthiti kapena kukasenda, nthawi zina n'kuwazanso talc, kuti phapo limatirire.

Chodabwitsa m'mbiri ya zimenezi n'chakuti kuyang'ana m'chifuwa ndi kachipangizo kunatchuka pofuna kuphwetsa phapo, osati kulifutukula. Mu 1882 dokotala wa ku Italy, Carlo Forlanini, anaganiza zothira dala mpweya m'chifuwa cha odwala TB kuti phapo lipumule, ndipo njirayi inagwira ntchito zaka zambiri mankhwala a streptomycin asanabwere m'zaka za m'ma 1940. Hans Christian Jacobaeus wa ku Stockholm, amene anayamba kulowetsa chounikira m'chifuwa mu 1910, ankachigwiritsa ntchito podula timinofu toletsa phapo kuphwa bwino. Lero zida za mtundu womwewo zimamata zimene iye ankamasula.

Chimene chimachititsa opaleshoniyi kukhala yoopsa mwa wodwala Edzi si kachirombo kwenikweni. Choyamba ndi kugonetsa. Kuti dokotala agwire ntchito, phapo lodwalalo amaliphwetsa dala, makina n'kumapumitsa linalo lokha. Ngati linalonso ladzaza ndi chibayo, silingathe kusenza thupi lonse, ndipo mphamvu ya makina ikhoza kuphulitsa timatumba ta mbali imeneyonso. Chachiwiri ndi mnofu uja: ulusi umang'amba pamene wadutsa, n'kusiya mabowo atsopano, moti ena amayala timizere tolimbitsa pamsoko. Chachitatu ndi masiku otsatira, amene amafuna bedi la odwala mwakayakaya, magazi osungidwa, okosijeni wosadukiza ndi anamwino okwanira. Zimenezi n'za zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth Central ku Blantyre, ndipo akatswiri a opaleshoni ya m'chifuwa m'dziko muno ndi ochepa kwambiri.

Kwa munthu wa ku Kasungu ndiye kuti ulendo wa makilomita pafupifupi 130 wopita ku Lilongwe, atachoka kale ku Santhe, ku Nkhamenya kapena ku Mtunthama kufika paboma. M'galimoto botolo likhale pansi, loimirira, wina atalipana ndi miyendo, paipi yosatsekedwa. Kwa tenanti wa pa esiteti amene abale ake ali ku Mulanje kapena ku Mangochi, funso silikhala la mankhwala lokha koma lakuti adzamudikirira ndani, adzadya chiyani ku Lilongwe, ana atsala ndi yani, fodya aphwanya ndani. Mabanja ena amakana kutumizidwa pa zifukwa zimenezi, ndipo sindiwaona ngati osazindikira. Chimene ndimaona kuti chimasowa ndi kukambirana koyera: dokotala anene mwachindunji chimene akuyembekezera ku Lilongweko, ngati ndi opaleshoni kapena kungojambulidwa ndi makina a CT, ndiponso chingachitike n'chiyani akapanda kupita. Banja likadziwa limasankha bwino kusiyana ndi pamene lingouzidwa kuti "takutumizani ku Central."

TB ili ndi nkhani yakeyake ya opaleshoni. Mafinya akakhalitsa m'chifuwa, pamwamba pa phapo pamamera chikopa chokhuthala cholimba chimene chimalimanga, moti ngakhale bowo litatsekeka phapolo silingafutukuke. Wodwala akalimba, dokotala amang'amba n'kusenda chikopacho pang'onopang'ono mpaka phapo limasuke. Ndi ntchito yotaya magazi ambiri, ndipo kawirikawiri amaichita mankhwala a TB atagwira kale. Amene sangapirire zimenezi amamudulira paipi kufupi n'kuisiya ikukhetsera m'kathumba kwa miyezi, kapena amachotsa zidutswa za nthiti n'kusokerera khungu mkati kuti pakhale zenera lotulukira mafinya, njira imene Leo Eloesser anaifotokoza mu 1935. Bala lotere limaoneka loopsa ndipo limafuna kutsuka tsiku ndi tsiku, koma anthu amakhala nalo, amayenda, amalima, ndipo mwa ena limadzaza lokha m'kupita kwa nthawi.

M'zaka za m'ma 1980, pamene Edzi inali chigamulo cha imfa, madokotala ambiri padziko ankazengereza kuchita opaleshoni yaikulu pa odwalawa, ena poona kuti sizisintha kanthu, ena poopa kutenga kachirombo. Kuno, kumene wodwala woyamba anapezeka mu 1985 ndipo ma ARV aulere anayamba mu 2004, maganizo akuti "ameneyu ngwa Edzi, musamuvutitse" anakhazikika ngakhale m'mabanja. Lero alibenso malo. Ngozi yotenga kachirombo munthu akadzibaya ndi singano ya magazi ndi pafupifupi 3 pa 1,000, ndipo pali mankhwala a PEP oteteza munthu wotere ku kachirombo, amene amayamba kumwa pasanathe maola 72 n'kupitiriza masiku 28. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, kachirombo kosaonekanso m'magazi, asilikali atakwera, amapirira opaleshoni ya phapo pafupifupi ngati wina aliyense. Zimene dokotala ayenera kuyeza ndi mphamvu ya phapo linalo, kulemera kwa thupi, kuchuluka kwa magazi, CD4, kuchuluka kwa kachirombo, ndi ngati matenda a m'phapo agonja. Kukhala ndi kachirombo pakokha si chifukwa chomukanira munthu fiyeta. Ndiponso CD4 yotsika si chifukwa chomusiyira munthu amene akufa ndi bowo lotheka kutseka.

Funso limene limandivuta kwambiri ndi lakuti amene akufika ndi phapo lophwa masiku ano ndi ndani, poti kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba mankhwala osadikira kuti chitetezo chitsike. Ena ndi amene sanayezetsepo, makamaka amuna, amene amabwera atanyamulidwa. Koma ambiri ndi amene anayamba n'kusiya: anasamuka esiteti buku la mankhwala n'kutsala, anapita ku Joni kapena ku Zambia mapiritsi n'kutha, anauzidwa kumapemphero kuti achira, kapena anangotopa poona kuti ali bwino. Ndipo pali kapiritsi kamene anthu amakapeputsa, Bactrim wa 960 mg womwa kamodzi patsiku, amene ena amangomuunjika m'kabati kapena kugawira abale akamatsokomola. Piritsi limeneli ndi limene limatseka njira ya PCP, ndipo limatetezanso ku malungo ndi matenda ena a m'mimba ndi m'chifuwa. Mnofu umene dokotala amaupeza wosagwira ulusi unayamba kuwola miyezi ingapo m'mbuyo, pamene mapiritsi analeka kumwedwa. Wobwerera kuchipatala atasiya mankhwala ayenera kulandiridwa popanda kukalipiridwa, ayezedwe CD4, afufuzidwe TB, chifukwa kuopa kunyozedwa ndi kumene kumasunga anthu kumudzi mpaka tsiku la kulasa lija.

Wotuluka m'chipatala ntchito imakhala isanathe. Ulusi wa pabala umachotsedwa patatha pafupifupi mlungu umodzi, ndipo X-ray ina imafunika pakapita milungu ingapo kuti aone ngati phapo lakhalabe lofutukuka. Fodya wosuta ndi chamba zisiyidwe kotheratu, chifukwa zimakweza kwambiri mwayi woti vutoli libwererenso; utsi wa m'khitchini yotseka ndi fumbi la m'shedi nazonso si zabwino kwa phapo lopola. Ntchito zolemera ziyambe pang'onopang'ono, koma kuyenda, kupuma mozama ndi kutsokomola bwino zimathandiza kuyambira ali m'wodi. Ndege asakwere mpaka X-ray itatsimikiza kuti mpweya watha ndipo dokotala wavomereza, poti m'mwamba mpweya wotsalira umafutukuka.

Ndipo banja lidziwe kuti kulasa kuja kukhoza kubweranso, mbali yomweyo kapena inayo, makamaka m'miyezi yoyambirira chitetezo chisanakwere. Kukabwera, si nthawi yotema mphini, yothowa ndi madzi otentha, kapena yodikira kuti kuche. Pitani kumene kuli X-ray ndi munthu wotha kuika paipi, mutatenga buku la kuchipatala ndi mabotolo onse a mankhwala, ndipo pakhomo pomwepo nenani kuti phapo linaphwapo kale, mbali iti, mwezi uti, ndi zimene anachita.